Ma prawn okazinga ndi kokonati: za ku Mozambique, za ku Tanzania ndi za kwathu ku Nkhotakota

Ife a ku Nkhotakota tinakulira chambo, usipa ndi kampango, choncho ma prawn, tinyama tachigoba ta mtundu wa nkhanu timene timagwidwa m'nyanja ya mchere, amatifika ali oundana mufiriji atayenda ulendo wautali. Anzathu a m'mayiko oyandikana nafe amawadya angovuulidwa kumene, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumalamula kaphikidwe.

Ku Mozambique amawatcha camarão, ndipo ambiri amagwidwa m'madzi a Sofala, kufupi ndi Beira. Kumeneko amawanyika mu adyo, mandimu, mchere ndi tsabola wa piri-piri, kenako n'kuwaotcha pa makala osasenda. Kokonati amamufinya n'kutenga madzi ake oyera ngati mkaka, makamaka ku Quelimane m'chigawo cha Zambézia, n'kuthira mu matapa, ndiwo ya chigwada chosinja imene amaikamonso nsinjiro. Ku Tanzania, m'mbali mwa nyanja ndi ku Zanzibar, amawatcha kamba, dzina limene kwa ife ndi la fulu. Iwo amapala kokonati pa kampando ka mano kotchedwa mbuzi, madzi ofinyawo amawatcha tui, ndipo amaphikira msuzi wodyera mpunga. M'mayiko onse awiriwa kokonati amathera mumsuzi.

Ine ndimaona kuti kwathu kuno ndi bwino kokonatiyo akhale kunja ngati chikutiro, chifukwa nyama imene yakhalitsa mufiriji imataya kukoma kwina, ndipo mumsuzi wofatsa kuperewerako kumamveka msanga. Komabe kanyikidwe ka a ku Mozambique sindikasiya: ndikasenda ma prawn n'kuchotsa kamtsempha kakuda ka kumsana, ndimawasiya mu adyo, ndimu ndi kambuzi kwa mphindi 15, kenako ndimawapukuta ndi kansalu mpaka aume. Akakhala ndi madzi, chikutiro chimasupuka m'mafuta.

Ndimawagubuduza mu ufa wa kondowole wosefa bwino, umene kuno sitisowa ndipo umauma mokukutika kuposa wa tirigu, n'kuwaviika m'dzira, n'kumalizira mu kokonati wopala. Kwa a ku Tanzania ndinatengako kupala kokonati watsopano m'malo mogula wa m'paketi, koma ameneyu amakhala wonyowa, motero ndimamuyanika pa lichero maola angapo asanagwire ntchito.

Povuta ndi pa moto. Kokonati sachedwa kupserera, ndipo tsiku langa loyamba pa mbaula yodzaza makala kunja kunada bii m'kati musanapse. Masiku ano ndimaphula makala ena, ndimaponya kachidutswa ka kokonati m'mafuta, ndipo kakayamba kuthetheka pang'onopang'ono osada msanga, ndimaika ma prawn asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Mphindi ziwiri kapena zitatu zimakwana. Akafiira ngati chitumbuwa ndimawavuula, n'kuwadya nthawi yomweyo ndi mpunga wa Faya ndi mango osapsetsa oduladula.