Banjo m'nyumba ya Mulungu: maganizo anga pa nyimbo za bluegrass

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mayi ena achikulire anandikokera pambali. Amadziwa kuti ndinakulira m'kwaya kwathu ku Malawi, ndiye ankafuna kumva kuti munthu wochokera kutali akuiona bwanji nkhani imene yavuta pampingo pathu. Ndimapemphera pa kampingo kakang'ono kuno ku America, ku mapiri a kumadzulo kwa North Carolina, ndipo achinyamata ena apempha akulu ampingo kuti kamodzi pa mwezi aziloledwa kutsogolera nyimbo ndi banjo, mandolin (kachida ka nsambo konga kagitala kakang'ono), gitala ndi vayolini, m'chamba chimene kuno amachitcha bluegrass. Mayiwo sakugwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Anandiuza kuti bambo awo ankati vayolini ndi bokosi la mdyerekezi, ndipo ataona mchimwene wawo atabwera nayo pakhomo anamuuza kuti aibweze kumene waitenga. Tsikulo sindinawayankhe bwino, ndinangoti ndikaganize. Sabata yonseyi nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu.

Yankho langa ndi lakuti inde, nyimbo za bluegrass ndi zoyenera popembedza Mulungu. Koma chimene chingaziwononge si chimene mayi aja akuopa. Vuto lili pena.

Kwa inu amene muli kumudzi ndipo dzinali ndi lachilendo, bluegrass ndi mphukira ya nyimbo za country, zija tinkamva pa wailesi ya MBC za a Jim Reeves ndi a Don Williams. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi ndi yothamanga, ilibe ng'oma, ndipo zida zake ndi za nsambo zokhazokha zosalumikiza ku magetsi. Anaiyambitsa ndi Bill Monroe, amene anabadwa mu 1911 pafupi ndi kamudzi ka Rosine ku Kentucky. Gulu lake analitcha Blue Grass Boys potengera udzu umene dera la Kentucky limadziwika nawo. Mu Disembala 1945 m'gululo munalowa mnyamata wa zaka 21 wa konkuno ku North Carolina, Earl Scruggs, amene ankakhwacha banjo ndi zala zitatu mwa liwiro limene anthu anali asanalimvepo. Ambiri amati chambachi chinabadwa pamenepo, pa nsanja ya holo ya Ryman ku Nashville. Holoyo inamangidwa mu 1892 kuti muzichitikira misonkhano ya chitsitsimutso. Anaimanga ndi Thomas Ryman, mwini sitima za pamtsinje, atatembenuka mtima pa ulaliki wa Sam Jones, ndipo mpaka lero anthu amakhala pa mabenchi a tchalitchi. Sindikunena kuti nyumbayo ndiyo inayeretsa nyimbozo, chifukwa pofika 1945 inali malo a zisangalalo za pa wailesi. Ndikungofuna muone kuti kuno tchalitchi ndi bwalo la zoimbaimba zakhala zikubwerekana moto kuyambira kalekale.

Ndipo mawu a bluegrass, kunena kayimbidwe ka pakamwa, anachokera m'tchalitchi ndithu. M'midzi ya kuno munkachitika masukulu ophunzitsa kuimba, kumene anthu ankaphunzira manoti okhala ndi maonekedwe osiyanasiyana, ena a makona atatu, ena anayi, ena ozungulira, kuti ngakhale wosaphunzira athe kutsata. N'chimodzimodzi ndi mmene ife tinkaphunzirira do re mi pa bolodi Loweruka masana. Monroe anali ndi vuto la maso, manotiwo sankawaona bwino, ndiye anaphunzira ndi khutu. Tenala wokwera pamwamba pa wotsogolera, besi wolowa mochedwa ngati akuvomera, zonsezo n'za m'mabenchi a Baptist ndi Methodist. Nyimbo imene inamutchukitsa koyamba pamodzi ndi mkulu wake Charlie mu 1936 inali yauzimu, yofunsa funso lija la Ambuye Yesu lakuti munthu angapereke chiyani chosinthana ndi moyo wake. Munthu akamati bluegrass ikufuna kulowa m'tchalitchi ngati mlendo, ine ndimaona mwana amene akubwerera pakhomo pa amake.

Komabe mantha a mayi aja sindikuwapeputsa. Bambo awo sankanama. M'mapiri muno vayolini ndi banjo zinkalira pa magule a usiku, pamene pankamwedwa kachasu wa chimanga wotcheza mobisa, ndipo nthawi zina anthu ankavulazana. Munthu amene anatembenuka mtima kuchoka ku moyo umenewo akamva kulira kwa banjo samva nsambo chabe, amamva fungo la kumene anachokera. Ife a ku Malawi zimenezi tikuzidziwa bwino. Agogo athu ambiri ng'oma sankaifuna m'tchalitchi chifukwa inkawakumbutsa dambwe, chinamwali ndi bwalo la mowa. Sikuti anali opusa kapena ongotsata azungu mwachimbulimbuli, ena a iwo anataya abale chifukwa chosiya miyamboyo, ndipo ng'omayo inkawapweteka mumtima. Koma lero ndani angaime pa Misa ya Chikatolika kwathu, ng'oma ndi visekese zikulira, amayi akuimba nthungululu, n'kunena kuti Mulungu sakulemekezedwa? Kumpoto zinayamba kale kwambiri. Ku Embangweni mmishonale Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo pa maimbidwe a makolo awo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatenga mawu a ingoma n'kuikamo uthenga wa Khristu. Nyimbozo zikuimbidwabe. Chimene chinali cha nkhondo chinasanduka cha pemphero, ndipo mbadwo wotsatira unakula osadziwa n'komwe kuti panali mkangano.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine pandekha. Banjo ndi yathu. Makolo ake ndi zoimbira za chipanda ndi chikopa za kumadzulo kwa Africa, monga akonting ya Ajola a ku Senegal ndi Gambia, ndipo amene anaipanga kutsidya lino ndi akapolo a ku zilumba za Caribbean m'zaka za m'ma 1600. Monroe mwiniwake ankanena poyera kuti anaphunzira zambiri kwa Arnold Shultz, munthu wakuda woimba gitala ndi vayolini wa kwawo ku Kentucky. Kenako banjoyo inabwereranso kwathu, anyamata n'kumaipanga ndi chigubu cha mafuta ndi nsambo za mabuleki a njinga, ndipo malemu Alan Namoko wa ku Thyolo anaionetsa dziko lonse kuti ikhoza kulira maliro a mtima wa munthu. Ndiye ndikamva wina akuti limba ndi piyano n'zopatulika koma banjo ndi yachikunja, ndimafunsa kuti anazipatula ndani? Limba lomwelo Apresibateriya a ku Scotland analikana kwa zaka mazana, ankalinyoza kuti ndi bokosi la malikhweru. Nthawi zambiri chimene timachitcha ulemu ndi chizolowezi cha anthu opeza bwino, ndipo chimene timachitcha chipongwe ndi nyimbo za amphawi.

Anthu amene ndimawalemekeza kwambiri pa mkanganowu ndi amene amakana zida zonse. A Church of Christ ndi a Primitive Baptist kuno amaimba ndi pakamwa pokha, ndipo John Calvin ku Geneva ankaphunzitsa zomwezo. Mpingo wa Free Church of Scotland unavomera zida mu 2010 momwemu. Mfundo yawo ndi yakuti Chipangano Chatsopano chimatilamula kuimba, Aefeso 5:19 ndi Akolose 3:16, koma sichitchula choimbira chilichonse, ndipo azeze a mu Masalimo anali a m'kachisi pamodzi ndi nsembe za nyama. Ine sindigwirizana nawo. Salimo 150 ikamati timutamande ndi zoimbira za nsambo, ndipo Yohane pa Chivumbulutso akamaona azeze kumwamba, sindikuona pamene Mulungu anasinthira maganizo. Koma iwowa sakondera. Satulutsa banjo n'kusiya piyano. Ngati mpingo wathu ukufuna kutsata njira imeneyo, utulutse zonse, ndipo ndidzaimba nawo mosangalala. Koma piyano ili pakona paja chiyambire.

Tsono vuto lenileni ndi ili. Bluegrass ili ndi mwambo wake umene unapangidwira pa nsanja, osati pa guwa. Ndime ikatha, woimba mmodzi amasendera kutsogolo n'kuonetsa luso lake payekha, wa banjo kenako wa mandolin kenako wa vayolini, aliyense kufuna kuposa mnzake, ndipo anthu amawomba m'manja pakati pa nyimbo. Pa chikondwerero zimenezi n'zokoma, ine ndemwe ndimaimirira n'kukuwa. Koma m'chipembedzo zimasandutsa mpingo kukhala oonerera. Ndinapitako ku mapemphero ena kumene gulu lotere linkatsogolera, anyamata aluso kwambiri, nyimbo yake yonena za mtanda. Nditayang'ana m'mabenchi, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaimba. Onse maso anali pa zala za wa banjo, ena akujambula pa foni. Nyimbo itatha anthu anawomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi m'manjamo tikuwombera ndani. Mtima unandiwawa, chifukwa mawu a nyimboyo anali oona, koma anadutsa pamwamba pathu ngati mbalame.

Musaganize kuti ndikuloza chala azungu okha. Kwathu matenda omwewa alipo, kungoti amabwera ndi kiyibodi ndi masipika. Kwaya imavina bwino, yunifolomu yowala, mawu akuchokera mu flash, mpingo uli duu kuonerera, ndipo Nyimbo za Mulungu zimene agogo ankaziimba pamtima ana athu sakuzidziwa.

Chachiwiri ndi kukwera kwa mawu. Monroe anali ndi tenala wakuthwa, ndipo ankakweza nyimbo kuti zigwirizane ndi mmero wake. Oimba a bluegrass amatsanzira zimenezo mpaka lero. Gogo wa zaka 80 sangafike kumeneko, bambo wa mawu wamba amayesa ndime imodzi n'kusiya. Liwironso limameza mawu.

Chachitatu, chimene chimandivuta kuchinena chifukwa nyimbozi ndimazikonda, ndi uthenga wake. Zambiri zimanena za imfa, za mayi amene anatsogola, za kanyumba ka kumudzi, za kuwoloka mtsinje kupita kwathu kumwamba. Ena amaziseka kuti n'zachisoni chokhachokha. Ine sindiseka. Anazipeka ndi anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a thonje, amene ankaika ana awo m'manda kawirikawiri, ndipo aliyense amene anagonapo pa siwa kwathu akumva amayi a Mvano akuimba mpaka mbandakucha akudziwa kuti nyimbo zotere zimanyamula munthu pamene ulaliki walephera. Koma mpingo sungadye ndiwo imodzi chaka chonse. Nyimbo ina imatchula amayi kasanu, Yesu kamodzi. Za chiyero cha Mulungu, za kuulula machimo pamodzi, za Mzimu Woyera, za chilungamo kwa mnansi lero lino, zimapezeka mwa apo ndi apo. Mneneri Amosi pa mutu 5 anauza Aisraele kuti Mulungu sakufuna kumva phokoso la nyimbo zawo ngakhale kulira kwa azeze awo. Sanadane ndi zezeyo, anadana ndi kuimba kwa anthu amene ankapondereza osauka. Mawu amenewo amagwera piyano, kiyibodi ndi banjo mofanana.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti eni chambachi ankazidziwa zonsezi. Monroe ikafika nthawi ya nyimbo yauzimu, kawirikawiri banjo ndi vayolini zinkakhala chete. Amuna anayi ankasonkhana pa maikolofoni imodzi, gitala ndi mandolin zikungoperekeza chapansipansi, kuti mawu amveke. Scruggs yemwe, katswiri wa banjo uja, pa nyimbo zambiri zauzimu ankaika banjo pansi n'kutenga gitala. Ralph Stanley wa ku Virginia, amene anakulira pakati pa a Primitive Baptist, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kuimba nyimbo zauzimu ndi gulu lake popanda chida chilichonse, ndipo mu 2002 analandira mphoto ya Grammy chifukwa cha nyimbo yonena za imfa imene anaimba yekhayekha ndi pakamwa. Anthu amenewa ankasiyanitsa Loweruka usiku ndi Lamulungu m'mawa popanda wowauza. Achinyamata athu akufuna kutengera zala za akuluakuluwa, ine ndikufuna atengerenso kudziletsa kwawo.

Akulu ampingo akumana Lachitatu, ndipo andipempha kuti ndikalankhulepo. Ndikawauza kuti awalole anawa. Anabadwira m'mapiri muno, agogo awo ankaimba zomwezi pakhonde, ndipo n'kulakwa kuwauza kuti Mulungu amamva chinenero cha ku Germany ndi ku England chokha koma cha kwawo ayi. Koma ndikapemphanso kuti asaime kutsogolo ngati pa nsanja, akhale chammbali moyang'anana ndi guwa ngati wina aliyense. Atsitse nyimbo kufika pamene gogo angafike. Pakati pa ndime, m'malo mopikisana, chida chimodzi chingobwereza mayimbidwe a nyimboyo kuti anthu apume. Nyimbo azisankha pamodzi ndi abusa, ndipo zambiri zichokere m'buku limene mpingo ukulidziwa kale. Paulo pa 1 Akorinto 14:26 anati aliyense abwere ndi salimo lake, koma zonse zichitike kuti mpingo umangike. Muyeso wanga ndi womwewo: ndikatseka maso, ndimve anthu kuposa nsambo.

Dzulo ndinawaimbira foni mayi aja. Ndinawauza zonsezi, ndipo ndinawapempha kuti ngati akulu avomera, nyimbo yoyamba aisankhe iwowo, imene bambo awo ankaikonda, ndipo ndime yoyamba tidzaimbe ndi pakamwa pokha zida zisanalowe. Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati sakulonjeza kuti adzabwera tsikulo, koma nyimboyo anaitchula, ndi nambala yake yomwe, ndipo ndawatumizira kale anyamatawo kuti ayambe kuiphunzira.