Bwalo la ndege likatseka, njala siyambira kwa mabwana

Lero ndapsa mtima ndipo ndilemba, wondida andide.

M'mawa uno ndinakwera minibasi ku Lumbadzi kupita m'tauni. Tisanafike pa Kanengo tinaona ndege ikutsika kulowera ku bwalo la ndege la Kamuzu (KIA), ndiye bambo wina wa jekete amene anakhala kutsogolo anayamba kuyankhula mokweza kuti tonse timve. Akuti nthawi ya korona inali ndi ubwino wake: ndege zinaima, mabwana anasiya kuuluka ndi misonkho yathu, ndipo ife amphawi sitinataye kanthu chifukwa bwalo la ndege si lathu. Anthu anaseka, kondakitala naye akugwedeza mutu. Ine ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, ife ake ati amene sanataye kanthu?" Anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Mayi, inuyo munakwerapo ndege?"

Sindinakwerepo, ndipo mwina ndidzafa ndisanakwere. Koma ndege zitaima pa 1 Epulo 2020, nsima inachepa m'nyumba ya mchemwali wanga, osati ku Area 10 kapena ku Area 43. Mlamu wanga ankayendetsa takisi pa bwalo pomwepo. Sienta yake anaigula ndi ngongole, akudalira alendo otsika mu Ethiopian ndi Kenya Airways kuti aziwaperekeza ku mahotela a m'tauni, ena mpaka ku Salima. Miyezi isanu yathunthu, kufikira pa 1 Seputembala pamene bwalo linatsegulidwanso, galimoto ija inangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Matayala anaphwa, batire inafa, nkhuku zinayamba kuikira mazira kunsi kwake. Ndinaziona ndi maso angawa. Eni ngongole sanaime chifukwa ndege zaima. Mchemwali wanga anagulitsa firiji, kenako makina osokera. Ndiye wina azindiuza kuti sitinataye kanthu?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene sanamve, asatiuze kuti usiku unali wabata.

Bwana wokwera ndege uja, ndege zitaima anatsegula kompyuta n'kumachita misonkhano yake pa Zoom, malipiro akulowa mwezi ndi mwezi. Iye sanagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Anagona ndi njala ndi wonyamula zikwama, wosesa m'chipinda chodikirira, mnyamata wosema ziboliboli, mayi wa mandasi ndi tchipisi pa Lumbadzi amene makasitomala ake ndi antchito a pa bwalo, mlimi wa tomato ndi letesi amene amaperekera ku malo ogona alendo. Ndege imodzi ikatera imadyetsa anthu amene sadzalowamo n'komwe. Ndi zimenezi zomwe bambo wa jekete sakuzidziwa, kapena sakufuna kuzidziwa.

Ndipotu KIA ndi bwalo lalikulu, linali ndi popumira. Ndege za katundu zinkaterabe, za mankhwala zinkaterabe, zobweza Amalawi amene anatsekeredwa kunja zinkabwera apo ndi apo. Nyumba yatsopano ya apaulendo imene dziko la Japan linathandiza kumanga inali itangotha mu 2019, ndiye inakhala ngati tchalitchi Lolemba, koma bwalo silinafe. Tsono taganizani za timabwalo tating'onoting'ono: Likoma, Mzuzu, Karonga, Chelinda ku Nyika, Makokola ku Mangochi. Kumeneko kulibe ndege ya katundu yoti ikuthandizeni. Kumatera tindege ta anthu ochepa, ambiri mwa iwo alendo odzaona nyanja ndi nyama, amene atsika kaye ku Lilongwe kapena ku Chileka. Mukatseka mpopi waukulu, timipopi ta kumapeto ndi timene timauma poyamba, ndipo madzi akabwerera ndi timene timalandira pomaliza.

Bwalo la ndege limadya pa ndege yotera. Ndege ikatera imalipira, ikagona imalipira, wokwera aliyense amalipira kudzera pa tikiti, wa sitolo amalipira lendi chifukwa pali anthu odutsa. Ndege zikasiya kubwera zonsezi zimauma tsiku limodzi. Koma udzu wa m'mbali mwa msewu wa ndege sudziwa kuti kuli mliri, umamerabe ndipo uyenera kutchetchedwa. Mlonda ayenera kulipidwa. Mpanda ukagwa mbuzi ndi ng'ombe zimalowa. Galimoto yozimitsa moto iyenera kukhala ndi mafuta ngakhale pasatere ndege mwezi wonse, chifukwa tsiku limene kudzabwere yonyamula wodwala simungayambe pamenepo kufunafuna batire. Ndalama zolowa ziro, zotuluka zili pomwepo. Kabwalo kakang'ono kamene kale kankangokwawa kapirira bwanji zimenezo? Ndipo kakawonongeka, wovutika si wa ku Area 43. Iye akafuna nyanja akwera Prado yake.

Msuweni wanga ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Likoma. Kandege kakatera kuchokera ku Lilongwe, iye ankadziwa kuti sabata imeneyo kuli ntchito, kuli kangachepe kochokera kwa alendo, asodzi agulitsa nsomba, wa boti apeza ulendo. Tindege titasiya kubwera anamuuza kuti "pitani kaye kunyumba, tidzakuitanani." Anakwera Ilala mpaka ku Nkhata Bay ndi chikwama chimodzi ndi ndowa ya usipa, n'kudzafikira kwathu kuno, mwamuna wamkulu wa ana atatu kumagona pa mkeka pabalaza. Foni yomuitana sinabwere chaka chimenecho. Iyeyonso sanakwerepo ndege, bambo. Ankangoimva ikulira m'mwamba n'kudziwa kuti ana adya.

Inde kachilombo kanachokera kutali, mayiko onse anatseka malire, sindikutsutsa kuti kutseka kunali kofunika. Tinaika anthu ambiri, mu Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, mmodzi wa iwo a Sidik Mia amene anali nduna ya zamtengatenga yomwe. Chimene ndikukana ndi bodza loti kutseka kuja kunalanga olemera. Kunalanga ife. Kunalanga ife kawiri, chifukwa ngakhale bwalo litatsegulidwa alendo sanabwere msanga: kuyezetsa kokwera mtengo, satifiketi yoti ulibe kachilombo, ndege zochepa pa sabata. Mlamu wanga ankapita m'mawa, kudikira tsiku lonse, madalaivala khumi kulimbirana anthu awiri, madzulo kubwerera atangowotcha mafuta. Zitangoyamba kuwongokera, mu Novembala 2021 kunabwera mtundu watsopano wa korona wotchedwa Omicron, Britain ndi America n'kutiika pa mndandanda wa mayiko oletsedwa pamodzi ndi South Africa ndi anzathu ena a kuno kumwera. Alendo a Khirisimasi anafafaniza maulendo awo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndiye mukamaseka m'minibasi kuti ndege zinaima, dziwani kuti mukuseka mayi wa mandasi. Mukuseka mlonda wa pa kabwalo ka ku Karonga. Mukuseka mchemwali wanga amene mpaka lero amakabwereka makina kwa mnzake kuti asoke yunifolomu ya mwana. Bwalo la ndege si la okwera ndege okha, monganso depoti ya basi si ya okwera basi okha, funsani aliyense wogulitsa madzi ndi nthochi pa depoti ya Lilongwe.

Ndipo zoti ndege zitaima mabwana anasiya kudya misonkho yathu, bambo inu, munali kuti? K6.2 biliyoni ya korona ija inadyedwa m'mwamba? Inadyedwa pansi pompano, m'maalawansi ndi m'misonkhano ya m'mahotela, mpaka nduna ina inachotsedwa ntchito mu Epulo 2021 chifukwa cha ndalama zomwezo. Iwo sanafunikire ndege kuti adye. Pamene ankasainirana maalawansiwo, mlamu wanga anali akuyenda wapansi kupita pa msika wa Lumbadzi atanyamula tayala la sipeya pamutu kukalitsatsa kuti agule ufa.