Magetsi saphunziridwa pa bolodi

Pa Chitakale mnyamata wa Fomu 2 amafuna kutaya tochi yabwinobwino, ati yafa. Chinavuta n'chiyani? Dzimbiri pa sipuling'i yogwira batire, basi. Atapala ndi mpeni, tochi n'kuyaka. Mwana yemweyu m'kope mwake muli circuit, njira yoyenda magetsi, yojambulidwa ndi lula, series uku, parallel uku, zochongedwa bwinobwino. Zimenezi zandipsetsa mtima zedi.

Magetsi saphunziridwa pa bolodi! Mwana agwire batire, agwire waya, babu limuyakire m'manja mwake. Choko sichiyatsa babu. Aphunzitsi muziti kulibe labu, ndalama sizibwera, tamva. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mabatire awiri a tochi, lililonse ndi 1.5 volts. Agundanitseni mutu wa lina kunsi kwa linzake, akulungeni m'pepala, mangani ndi mphira wa chubu: mwapeza 3 volts, zokwana kuyatsa babu la 2.5 volts. Waya sendani m'chaja ya foni yakufa. Switchi ndi pegi yoyanikira zovala, kukamwa kwake mwakhomamo timisomali tiwiri togundana. Labu yake ndi imeneyo.

Ndiye musamuuze mwana yankho, msiyeni alakwitse. Akagundanitsa mitu ya mabatire, babu siliyaka chifukwa mphamvuzo zikukankhana. Waya wochotsa m'mota kapena m'sipika amakhala ndi vanishi, osapala kunsonga palibe chidutse. LED yoyera, kababu kakang'ono kaja ka m'tochi yakale, imasankha mbali: mwendo wautali upite ku +, mukatembenuza ili zii. Mukaipatsa batire la 9 volts popanda resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, yapsa pomwepo. Waya akachoka ku + n'kukafika ku - osadzera pa babu, batire limatentha n'kutha msanga. Short circuit ndi imeneyo, ndipo mwana amene chala chake chamva kufunda kumeneko sadzaiwala mpaka kalekale.

Mababu awiri pa mzere umodzi, series ija, amawala mozilala, mukazula limodzi onse azima. Lililonse likakhala ndi njira yakeyake, parallel ija, amawala bwino, mukazula limodzi linzake likuyakabe. Mwana aone yekha, kenako mumufunse chifukwa chake babu la kuchipinda likapsa pabalaza sipada. Dulani waya pakati, alowetsepo msomali, kansungwi, supuni, mtima wa pensulo, anene yekha zomwe zikudutsitsa magetsi.

Mupatseninso vuto lenileni: apange chochenjeza pa chitseko cha khola la nkhuku. Kakatoni pakamwa pa pegi ija, ulusi kuchoka pa kakatoniko kukamanga ku chitseko. Chitseko chikatseguka kakatoni kasololoka, timisomali tagundana, babu layaka m'nyumba. Kuganiza ndi kumeneko, osati kuloweza. Koma zonsezi pa mabatire okha, soketi ya ESCOM ndi 230 volts, imapha.

Kwa Bondo ku Mulanje madzi a mtsinje wa Lichenya akuyatsa nyumba za anthu, m'midzi ina ma sola ali mbwee pa madenga. Adzakonza ndani, ana oti sanagwirepo waya? N'chifukwa chake tadzaza ndi anthu olumikiza batire la sola popanda fuse yodula magetsi akachuluka, mawaya kungopota n'kukulunga ndi jumbo, pansi pa denga la udzu.