Akufunidwa, koma adzagwidwa ndi ndani?

Chithunzi chija chayambanso kuzungulira pa Facebook: nkhope 6 za azibambo a ku Russia, pamwamba palembedwa kuti FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, ikuwafuna pa mlandu wolowerera ndi kuononga makompyuta. Pansi pake anthu akuomba m'manja, ati tsopano aona polekera. Aona polekera kuti? Abale anga, zandinyansa.

Anthuwa si anyamata ongoseweretsa kompyuta kuchipinda usiku ayi. Ndi asilikali. Malinga ndi mlandu womwe America idawatsegulira ku Pittsburgh mu October 2020, onse ndi a GRU, nthambi ya ukazitape ya asilikali a Russia, gulu la nambala 74455 lomwe akatswiri amalitcha Sandworm. Amadzuka m'mawa kupita kuntchito, mwezi ukatha boma n'kuwalipira. Ndiye wapolisi wake uti amene akagogode pakhomo pawo? Malamulo a Russia salola kupereka nzika yake kuti ikazengedwe mlandu kudziko lina, ndipo boma lawo limakana kuti silidziwa kanthu. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Basi.

Taonani zomwe akuimbidwa. Pa 23 December 2015, nthawi ya chisanu choopsa, adazimitsa magetsi a mabanja oposa 200,000 kumadzulo kwa Ukraine. Patatha chaka adabwereza ku Kyiv, likulu la dzikolo. Pa 27 June 2017 adatulutsa NotPetya, vairasi ya pakompyuta yomwe adaibisa mu pulogalamu ya misonkho ya ku Ukraine yotchedwa M.E.Doc. Inkaoneka ngati ikufuna dipo, koma ngakhale ukadalipira sukadapeza kalikonse, cholinga chidali kuphwanya basi. Idadumpha malire m'maola ochepa. Maersk, kampani ya sitima zonyamula makontena, idataya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni n'kukonzanso makompyuta 45,000. Chomwe chidaipulumutsa ndi seva (kompyuta yaikulu yosunga zinthu za kampani) imodzi ya kumadzulo kwa Africa yomwe idali yozima chifukwa magetsi adali atathima, tangoganizani. Merck yopanga mankhwala idagwa nawo m'dzenje lomwelo. Zipatala za Heritage Valley ku Pennsylvania zidalephera kutsegula mafayilo a odwala ndi zotsatira za kulabu. Odwala! Munthu wagona pabedi akudikira opaleshoni, wina ali phee muofesi ku Moscow akumwa tiyi.

Boma la America lidawerengera kuti NotPetya yokha idaononga zinthu za madola pafupifupi 10 biliyoni. Ndipo pa anthu 6 aja amene adaimapo m'khoti ndi angati? Palibe ndi mmodzi yemwe.

Mu 2018 adasokonezanso makompyuta pa mwambo wotsegulira masewero a Olympics ku PyeongChang, South Korea, n'kusiya zizindikiro zabodza kuti anthu aloze chala North Korea. Chifukwa chake akuti n'kubwezera chilango chomwe Russia idalandira pa nkhani ya mankhwala opatsa mphamvu. Kaya ndi ndale, kaya ndi nkhondo, ine sizikundikhudza. Chikundiwawa n'choti palibe walangidwa.

Mu April 2022 America idalengeza mphoto ya madola 10 miliyoni kwa yemwe angaulule za anthuwa. Kuulula chiyani? Mayina akudziwika, nkhope zikudziwika, ngakhale nyumba yomwe gululi limagwirira ntchito ku Khimki, pafupi ndi Moscow, idalembedwa m'zikalata za khoti. Palibe amene wasowa apa. Akungopewa kukwera ndege yopita kudziko lomwe lingawapereke, nkhani yathera pompo. Ndipo ngakhale mmodzi atapusa n'kugwidwa pabwalo la ndege, amene adamutuma, wa nyenyezi paphewa uja, mawa alemba wina. Msilikali akaponya bomba pachipatala dziko lonse limafuula kuti wapalamula mlandu wa pankhondo. Akachita zomwezo ndi kiyibodi, timangomujambula n'kumuika pa intaneti. Chilungamo chake n'chimenechi?

Musandiuze kuti izi n'zakutali. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Chakwera adaima m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti anthu ena alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Masabata adatha anthu akungozungulira ku Immigration, ena ntchito zakunja zikuwadikira, ena akufuna kupita kuchipatala. Sindikunena kuti adali a Russia ayi. Koma ngati Maersk ndi chuma chake chonse idagwada, makina athu amene amadalira kontrakitala mmodzi angalimbe mphindi zingati?