Zotsatira za akazi anu si zanu, achimwene

Amuna anzanga a kuno ku Kasungu, pali kachizolowezi kathu kena kamene kamandinyansa. Mayi akapita ku sikelo n'kubwerako ndi uthenga woti alibe kachilombo ka HIV, bambo mtima uli m'malo: "Basi, ndiye kuti tonse tili bwinobwino." Munthu akudziwerengera kuti wayezetsa, chala chake chisanabayidwepo n'kamodzi komwe.

Kumeneko n'kudzinamiza. Alipo mabanja amene wina ali nako, mnzake alibe, ndipo akhala pamphasa imodzi zaka ndi zaka. Kachilomboka sikalowa nthawi iliyonse imene anthu akhalira malo amodzi. Komanso munthu akangokatenga kumene, choyezera cha kuchipatala chija chimatha osakaona mpaka patapita milungu ingapo, nthawi zina miyezi 3. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amawayezanso kachiwiri. Ndiye inu mukutsamira pepala la mwini wake, limene ngakhale anamwino akufuna kulitsimikizanso?

Kafukufuku wa dziko lonse wa za HIV wotchedwa MPHIA, wa 2020 mpaka 2021, adapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba ali ndi kachilomboka m'dziko muno, ndipo otsalira pa kudziwa mmene m'thupi mwawo mulili ndi ife amuna. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama ikalowa m'thumba, tonse timadziwa kumene ena amagona sabata yonse mabelo atagulitsidwa kale. Amene amawagulira chipisi ndi mayunitsi kumeneko ndi atsikana a msinkhu wa ana awo. Tikamamva kuti atsikana a zaka 15 mpaka 24 akutenga kachilomboka kuposa anyamata anzawo, tisamachite ngati sitikudziwa kuti akukatenga kwa yani.

Chodzikhululukira ndimachidziwa: mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndipo woyezayo mwina ndi mnansi kapena wa kutchalitchi kwanu. Chabwino. Pali kachipangizo kodziyezera nokha, OraQuick. Mumapukuta nako nkhama za m'mwamba ndi za m'munsi, n'kukaviika m'kabotolo kake, n'kudikira mphindi 20 muli m'chipinda mwanu, chitseko chotseka. Mukaona mizere iwiri, mumapita kuchipatala kuti akatsimikize ndi magazi. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndipo munthu amene akumwa mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mkazi wake.

Kwa amene kondomu yawaphulikira kapena mowa wawapusitsa usiku, kuli mankhwala a PEP, oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi: muyambe kumwa pasanathe maola 72, ndipo mumwe masiku 28 osadumphitsa. Amuna ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo, chifukwa maphunziro a zaumoyo aja amachitikira pabenchi la sikelo, pamene ife timangotsitsa mayi panjinga n'kukadikira pansi pa mtengo kunja kwa mpanda.