Kasinja woopa mlatho ndi wa ntchito yanji?

Nkhani ya kasinja wa M10 Booker yandinyansa, sindibisa ayi. Asilikali a ku America ankafuna kasinja wopepuka woti aziperekeza anzawo oyenda pansi ndi aja otsika pa ndege. Mu 2022 anasainirana ndi kampani ya General Dynamics kontirakiti yoposa madola 1 biliyoni. Chinthucho chitatuluka, sikelo inaloza matani pafupifupi 42. Ati wopepukayo ndi ameneyo! Ku Fort Campbell anapeza kuti milatho 8 mwa 11 ya pakampu pawo pomwepo singapirire kulemera kwake. Ndege ya C-17 imene ankati izinyamula awiri, kunapezeka kuti izingonyamula mmodzi. Mu Meyi 2025 mkulu woyang'anira asilikali a pamtunda, Dan Driscoll, analengeza kuti basi zatha, akasinja ena atapangidwa kale.

Ndiye ndifunse, panalibe ngakhale munthu mmodzi wokumbutsa anzake kuti kunja kuno kuli milatho? Kasinja amene sangafike kunkhondo si kasinja. Ndi chitsulo chodula basi. Mfuti yake ikhale yoopsa chotani, ngati waima tsidya lino la mtsinje adani ali tsidya linalo, wathandiza ndani? Ena akuti vuto linali loti mabwana ankangowonjezera zofuna, uyu ichi, uyo icho. Eya, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'choti si koyamba. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapanga T28, chimphona cha matani 86, choti chikaphwanye malinga a Ajeremani pa Siegfried Line. Chitsulo cha kutsogolo chinali chochindikala masentimita 30, mfuti ya mamilimita 105. Liwiro lake? Makilomita 13 pa ola, wa kabaza akhoza kuchipitirira atanyamula munthu. Chinkayenda pa matcheni anayi m'malo mwa awiri, ndipo pofuna kudutsa malo opanikiza anyamata ankayamba amasula matcheni awiri akunjawo, kuwalumikiza, n'kumawakoka kumbuyo. Pamene choyamba chinkamalizidwa mu 1945, malingawo anali atagwa kale, nkhondo itatha. Anapanga ziwiri zokha, mu 1947 n'kuzisiya. Nayenso M6, kasinja wolemera wa nthawi yomweyo, anapangidwa 40 koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ananunkhiza utsi wa nkhondo.

Zaka 80 zadutsa, nzeru ikadali yomweyo: kunenepetsa chinthu mpaka chikanike kuchoka pakhomo. Musandiuze zoti poyesa zinthu pamayenera kukhala zolephera. Ndikudziwa, ngakhale kasinja wawo wotchuka wa M1 Abrams anabwera kasinja wina wotchedwa MBT-70 atalephereka. Koma kulemera si chinsinsi choti uchitulukire pamapeto. Sikelo ilipo. Milatho anamanga okha, akuidziwa. Ndege ndi zawo zomwe. Kuyeza kokha kumene kunawavuta? Ndalama za okhoma msonkho zikupsa, amene anasaina mapepala ali phee.

Komanso inu amene mumati ku America zonse zimayenda mwadongosolo, tamverani. T28 imodzi inapsa injini poyesedwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Inayo inasowa. Inde, kusowa! Anakaipeza mu 1974 patchire ku Fort Belvoir, m'chigawo cha Virginia, patatha zaka 27. Chinthu cha matani 86 chimasowa bwanji? Wosunga kaundula ankalemba chiyani zaka zonsezo?