Screed ikawonongeka, tisaibise pansi pa matailosi

Abale anga amene mumaika matailosi kuno ku Johannesburg, pali chizolowezi china pakati pathu chimene chimandiwawa mumtima. Mwathira screed ya self-levelling madzulo, simenti yamadzimadzi ija yodzisalaza yokha imene timathira pamwamba pa konkire tisanayale matailosi, pansi pasalala bwinobwino. M'mawa mukupeza wamagetsi anaimikapo makwerero, wina wadutsapo ndi wilibala, kapena hamala yagwerapo kuchokera kudenga. Zimenezi pamalo omanga sizidzatha. Chimene ndikukana ndi kuunjika guluu pabowopo n'kuphimba ndi tailosi mofulumira bwana asanafike.

Yambani mwaona kaye kukula kwa vuto. Gogodani pansi ndi chigwiriro cha hamala, pamalo owonongekawo komanso mozungulira. Pakamveka polimba, ndiye kuti screed idagwirabe konkire. Zokandika, kapena phazi losazama kupitirira mamilimita 2 kapena 3, guluu wa matailosi amatseka yekha. Inu mungopala totukukato ndi mwala wopalira kapena galainda, mutavala chotchinga mphuno chifukwa fumbi la simenti limawononga mapapo. Kenako gonekani chitsulo chowongoka cha mamita 2, mpata wa pansi pake usapitirire mamilimita 3. Apa palibe chifukwa choswera chipinda chonse n'kutayitsa mwini nyumba ndalama.

Koma pakamveka ngati mukugogoda chigubu chopanda madzi, pamenepo pasiyana ndi konkire, ngakhale pamwamba pakuoneka bwino. Tengani tchizulo, chotsani mpaka mufike pomwe pagwira zolimba. Fumbi lonse lichoke, tsache lokha silikwanira ngati vacuum ilipo. Pakani primer, mankhwala othandiza kuti chigamba chigwire konkire, pansi ndi m'mphepete mwa bowolo. Ambiri amadumpha primer poganiza kuti malowo ndi ochepa, koma konkire youma imayamwa madzi a chigamba chanu chisanalimbe, ndipo chimadzasendeka. Sakanizani self-levelling pang'ono chabe, madzi akhale a muyezo wolembedwa pathumba, osawonjezera pofuna kuti ziyende mosavuta, chifukwa madzi ochuluka amafooketsa pamwamba, pamafumbutuka. Mukathira, salazani ndi chitsulo chija kuti palingane ndi mbali zonse, n'kudikira. M'mwezi wa June ndi July kuno m'mawa kumazizira koopsa, ndipo maola olembedwa pathumba aja amatalika. Chigamba chikadali chakuda ndi chinyezi, chisiyeni.

Mng'alu wochokera mu konkire yeniyeni ndi nkhani ina. Self-levelling siuchiritsa, udzatulukiranso pa tailosi. Mwini nyumba auzidwe tsiku lomwelo.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi? Matailosi amene anthu akugula masiku ano ku Randburg, ku Midrand, ngakhale m'nyumba za ku Cosmo City, ndi aakulu: mamilimita 600 kwa 600, ena 600 kwa 1200, a porcelain. Amenewa sapindika. Pansi pake pakakhala mphako, mwendo wa filiji kapena wa sofa ukaponda pamenepo, tailosi imasweka. Guluu wamba adapangidwa kuti akhale wopyapyala. Mukamuunjika amanyala pouma, n'kukokera ngodya ya tailosi pansi, munthu n'kumapunthwapo chala. Ndipo pobwera kudzakonza miyezi itapita, mtundu uja m'sitolo mwina udatha, kapena wabwera wosiyana pang'ono maonekedwe. Ntchito yomwe ikanadya kachidutswa ka thumba limodzi yasanduka mkangano wa chipinda chonse.

Ndili ndi mawu kwa inunso makapitawo ndi mabwana amene mumatenga anyamata a ganyu. Mukamadula malipiro a munthu chifukwa chakuti phazi lake laterera pa screed yaiwisi, mukumuphunzitsa kubisa. Mnyamata amene wabwera kuchokera ku Mzimba kapena ku Mangochi, ali ndi lendi yolipira ndiponso ana kumudzi akudikira, sangakuuzeni chilungamo ngati akudziwa kuti chimudyera ndalama ya tsiku. Tsekani chitseko cha chipindacho, pingasani matabwa pakhomo, uzani amagetsi ndi a mipope kuti asalowemo mpaka mawa. Imeneyo ndi ntchito yanu.

Ndipo ife oika matailosi, tikapeza pawonongeka, tijambule tisanakhudze chilichonse, titumize chithunzi kwa bwana pa WhatsApp, tinene kuti kukonza kutenga nthawi yakuti. Angadandaule za kuchedwa, inde, koma umboni uli m'foni woti si ife tapondapo, ndipo matailosi tidzayala pansi pomwe tagogoda tokha n'kumva kuti palimba.